Mawu Achilendo M'nyumba Mwathu: Kuwerenga Tattvartha Sutra

Pa 10 Ogasiti 2015, khoti lalikulu la chigawo cha Rajasthan m'dziko la India lidagamula kuti mwambo wina wa anthu a chipembedzo cha Chijaini ndi mlandu. Mwambowo umatchedwa sallekhana, ena amati santhara. Munthu amene wakalamba kotheratu, kapena amene akudwala nthenda yoti madokotala alephera, amayamba kuchepetsa chakudya pang'onopang'ono, kenaka n'kusiyiratu, mpaka kutsikira kulichete. Oweruza adati kumeneku ndi kudzipha, ndipo aliyense wolimbikitsa mnzake kutero ayenera kuimbidwa mlandu. Ajaini ambirimbiri adaguba mwakachetechete m'mizinda yosiyanasiyana posonyeza kusakondwa kwawo, ndipo pa 31 mwezi womwewo khoti lalikulu koposa onse m'dzikolo lidaimitsa chigamulocho. Maloya adatchula ndime zambiri za malamulo, koma tsinde la mkanganowo lidali funso limene womasulira aliyense amalidziwa: kodi liwu la Chisansikiriti lakuti sallekhana ndi liwu la m'buku la malamulo lakuti kudzipha akuloza chinthu chimodzi?

Funso limeneli lidandigwira mtima chifukwa gawo lina la ntchito yanga m'boma ndi kutembenuza zikalata za Chingerezi kuti zimveke kwa anthu akumudzi. Ndidaonapo ndi maso angawa gogo wina akubwezedwa chimanjamanja atayenda mtunda wautali, chifukwa cha liwu limodzi limene mmodzi wa ife adalimasulira mwaulesi pa chikalata. Kuyambira pamenepo ndimawaopa mawu ooneka ngati osavuta. Choncho nditapeza buku lotchedwa Tattvartha Sutra, limene Nathmal Tatia adalimasulira m'Chingerezi ndipo lidasindikizidwa mu 1994 ndi mutu wakuti That Which Is, ndidagula kope la ana asukulu n'kuyamba kulembamo liwu lililonse la Chisansikiriti kumanzere, ndipo kumanja ndinkaika liwu la Chichewa limene ndinkaona kuti lingakwane. Nkhani ino ndi zimene ndidapeza m'kopemo, pamodzi ndi maganizo anga pa bukuli ndi pa omasulira ake.

Tiyambe ndi eni mawuwo. Kalembera wa mu 2011 adapeza kuti ku India kudali Ajaini pafupifupi 4.5 miliyoni, kagulu kochepa m'dziko la anthu oposa biliyoni imodzi, koma chipembedzo chawo n'chakale kwambiri. Mphunzitsi wawo wotchuka, Mahavira, adakhalako nthawi imodzi ndi Buddha, m'dera limene lero ndi chigawo cha Bihar, zaka zoposa 2,400 zapitazo. Ajaini samutenga ngati woyambitsa chipembedzo. Iwo amati iye ndi wa nambala 24 pa mndandanda wa aphunzitsi otchedwa tirthankara. Ali m'magulu awiri akuluakulu: a Shvetambara, kutanthauza ovala zoyera, ndi a Digambara, kutanthauza ovala mlengalenga, chifukwa amonke awo aamuna savala kanthu. Magulu awiriwa amasiyana pa zambiri, ngakhale pa malemba opatulika enieniwo, koma onse amavomereza Tattvartha Sutra. Mlembi wake a Shvetambara amamutcha Umasvati, a Digambara amati Umasvami, ndipo akatswiri amaika nthawi yake pakati pa chaka cha 100 ndi cha 500 Yesu atabadwa.

Chinthu choyamba chimene mlembi wa Chichewa ayenera kuchiona ndi chiyankhulo chimene Umasvati adasankha. Malemba akale a Ajaini adasungidwa m'ziyankhulo za Chiprakiriti, monga Ardhamagadhi, zimene zidali pafupi ndi kayankhulidwe ka anthu wamba. Chisansikiriti chidali cha ansembe Achibrahmana ndi ophunzira a m'mabwalo a mafumu. Tattvartha Sutra ndilo buku lakale koposa lodziwika la Ajaini lolembedwa m'Chisansikiriti. Umasvati adachita zimene ambiri a ife timachita tikafuna kuti atimve kutali: adasiya chiyankhulo cha kwawo n'kutenga cha ophunzira. Phindu lake lidalipo, pakuti Ajaini adatha kulowa m'bwalo la mtsutso ndi Abrahmana ndi Abuda n'kumayankhulana nawo pachiyankhulo chimodzi. Koma padalinso cholipira. Mawu a Chisansikiriti amene adaikamo chiphunzitso chakalecho adali kale ndi matanthauzo ena m'makutu a anthu amenewa, choncho mlembi adayenera kunena poyera kuti liwu lakutilakuti, kwa ife, likuimira chakutichakuti. N'chifukwa chake gawo lalikulu la bukuli ndi kutanthauzira mawu ndi kuwandandalika m'magulu.

Liwu lakuti sutra limatanthauza ulusi. Bukuli lili ndi mitu 10 ndi timizere pafupifupi 350, ndipo tambiri mwa timizereti sitikwana mawu khumi. Wophunzira ankatiloweza pamtima, mphunzitsi n'kumatimasula. Zikufanana ndi mwambi wathu, umene sudzitambasula wokha koma umadikira mkulu kuti aufotokoze. Apa Tatia adachita bwino kwambiri, chifukwa pansi pa kamzere kalikonse adaikapo zimene adanena ofotokozera akale a magulu onse awiri, kuphatikizapo Pujyapada wa ku Digambara ndi Siddhasenagani wa ku Shvetambara. Popanda iwowa wowerenga wachilendo sangapite patali. Taonani kamzere koyamba. Kakutchula zinthu zitatu, samyak darshana, samyak jnana ndi samyak charitra, zimene mwachidule tinganene kuti ndi kuona koyenera, kudziwa koyenera ndi khalidwe loyenera, ndipo kakuti zimenezi ndizo njira ya ku chimasuko. Ofotokozera akale adazindikira kuti mlembi watchula zinthu zitatu koma liwu lakuti njira waliika ngati chinthu chimodzi, ndipo adati izi n'zadala: palibe chimodzi mwa zitatuzo chimene chili njira pachokha. Ife tingaganize za mafuwa, amene akatsala awiri mphika sukhazikika. Chiphunzitso chonsecho chagona pa kamchira ka liwu limodzi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Msampha woyamba ndidaupeza pa mawu amene tonse timaganiza kuti tikuwadziwa kale. Liwu lakuti yoga lero limatikumbutsa anthu opinda matupi pa mphasa. M'bukuli yoga ndi kugwedezeka kulikonse kwa thupi, kwa pakamwa ndi kwa maganizo, ndipo ndiyo khomo lolowera zonse zomanga munthu. Amene wafika pa sitepe yomaliza asanamasulidwe amadziwika ndi kupanda yoga. Liwu lakuti dharma nthawi zambiri limatanthauza chilungamo kapena udindo wachipembedzo, ndipo m'mutu wa 9 likugwira ntchito yotero potchula makhalidwe khumi, monga kukhululuka ndi kudzichepetsa. Koma m'mutu wa 5 dharma ndi chinthu chosaoneka chodzaza chilengedwe chonse, chimene chimalola zinthu kuyenda, monga madzi amalolera nsomba kusambira popanda kuikankha. Mnzake adharma, amene kwina konse amatanthauza kuipa, pano ndi chimene chimalola zinthu kuima, monga mthunzi wa mtengo umaimitsira wapaulendo. Nalonso liwu lakuti pudgala kwa Abuda ndi munthu, pamene kwa Ajaini ndi zinthu zonse zogwirika, zokhala ndi mtundu, fungo ndi kakomedwe. Womasulira wothamangira tanthauzo loyamba la m'dikishonale angalembe buku lomveka bwino, losalala, koma labodza kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Liwu lakuti karma ndilo lidandivuta koposa, chifukwa lafika kale m'makambirano athu ndipo achinyamata amalitchula mnzawo woipa akagwa m'mavuto. Poyamba ndidalemba kuti tchimo, kenaka ndidafufuta. Tchimo m'makutu athu limafuna wina amene walakwiridwa, woweruza amene angalange kapena kukhululuka, pamene Ajaini sakhulupirira mlengi kapena woweruza wotero. Ndidayesa tsoka, koma tsoka limagwera munthu mosasankha. Kwa Ajaini karma ndi chinthu chenicheni, tinthu tosalala kuposa fumbi, tosaoneka ndi maso, timene timayandama paliponse n'kumamatira pa chamoyo. Bukuli likuigawa m'mitundu isanu ndi itatu: yophimba kudziwa, yophimba kuona, yobweretsa kukoma ndi kuwawa, yosokeretsa, yoika utali wa moyo, youmba thupi, yoika banja lobadwiramo, ndi yotchinga munthu pa zimene akufuna kuchita. Ngakhale karma ya ntchito zabwino imamangabe, kungoti chingwe chake n'chofewa. Chimene chimaimatiza ndi kashaya, ndiko kuti mkwiyo, kunyada, chinyengo ndi umbombo. M'Chisansikiriti cha tsiku ndi tsiku liwu limeneli limatchula madzi a makungwa a mitengo amene amathandiza utoto kugwira nsalu. Omasulira m'Chingerezi amaikapo liwu lotanthauza zilakolako, ndipo chithunzi chonse cha kumata chimatayika. Ife tili ndi ulimbo. Mwana aliyense amene adatcherapo mbalame angamve msanga kuti mkwiyo ndi ulimbo wa mumtima.

Apa ndi pamene ndidayamba kuona kuti Chichewa nthawi zina chimaposa Chingerezi pa ntchito imeneyi. Msana wa bukuli ndi mfundo zisanu ndi ziwiri zotchedwa tattva: jiva, ajiva, asrava, bandha, samvara, nirjara ndi moksha. Ziwiri zoyambazo ndi chamoyo ndi chopanda moyo. Zisanu zotsalazo ndi nkhani ya zochitika, ndipo aphunzitsi Achijaini amakonda kuzifotokoza ndi fanizo la bwato. Asrava ndi kulowa kwa madzi pobooka, bandha ndi kukhazikika kwa madziwo m'bwato n'kulilemetsa, samvara ndi kutseka pobookapo, nirjara ndi kukapa madzi amene alowa kale, ndipo moksha ndi kufika tsidya. Chingerezi chimakonda kusandutsa zochitika zotere kukhala mayina olemera a m'kalasi, pamene chiyankhulo chathu chimakhalira pa aneni: kuchucha, kumata, kutseka, kukapa, kuyoyoka. Msodzi wa kunyanja angazimve zimenezi popanda mphunzitsi. Katswiri wa ku Germany, Hermann Jacobi, amene adamasulira malemba a Ajaini m'mabuku awiri mu 1884 ndi mu 1895, adaona kuti Ajaini amagwiritsa ntchito mawu ngati asrava m'tanthauzo lake lenileni la kuchucha, pamene Abuda amawagwiritsa ntchito mophiphiritsa, ndipo adatenga zimenezi ngati umboni wakuti Chijaini si mphukira ya Chibuda. Ngati zili choncho, womasulira amene wasunga madzi ndi fumbi m'mawu ake ndiye wayandikira kwa eni ake.

Koma pa liwu lakuti jiva Chichewa chidandigwetsa. Tatia adaikapo liwu la Chingerezi limene ife kutchalitchi timati mzimu. Kwathu kuno mzimu ndi wa munthu, makamaka amene adatisiya, amene amabwera kutulo n'kupempha nsembe. Jiva ili mwa munthu, inde, komanso ili mu nyerere, mu udzu, m'dontho la madzi, m'lawi la moto, m'dothi ndi mumphepo. Bukuli likuzisanja malinga ndi ziwalo zomvera: zomera ndi zamoyo za m'dothi, m'madzi, m'moto ndi mumphepo zimangomva kukhudza, nyongolotsi ili ndi ziwiri, nyerere zitatu, njuchi zinayi, munthu ndi nyama zazikulu zisanu. Jiva ilibe chiyambi, sidalengedwe ndi wina, ndipo imakula kapena kuchepa molingana ndi thupi limene ilimo, monga kuwala kwa nyale kumadzaza chipinda chachikulu kapena chaching'ono. Ndidasiya mzimu n'kulemba chamoyo, podziwa kuti nachonso n'choperewera, chifukwa chamoyo kwa ife chimafa pamene jiva siifa. Komabe ndi liwu limeneli wowerenga angamvetse chifukwa chake Mjaini wodzipereka amasefa madzi asanamwe, sadya dzuwa litalowa, amapewa mbatata, anyezi ndi adyo, ndipo amonke amayenda ndi katsache kofewa kosesera tizilombo pamalo pamene akufuna kukhala. Ukalemba mzimu, miyambo yonseyi imaoneka ngati misala.

Liwu lodziwika kwambiri kunja kwa India ndi ahimsa, kusavulaza. Mahatma Gandhi adalitchukitsa, ndipo iye mwini ali ku South Africa ankalemberana makalata ndi Mjaini wina wa ku Gujarat, Shrimad Rajchandra, pa mafunso achipembedzo. Koma Umasvati sadakhutire ndi liwu lokoma m'khutu. M'mutu wa 7 akutanthauzira kuvulaza kuti ndi kuchotsa mphamvu za moyo chifukwa cha zochita zosasamala. Mtima wa tanthauzo limeneli ndi pramada, kusasamala. Mmonke woyenda mosamala, maso ali pansi, akaponda kachilombo mwangozi sali pamlandu wofanana ndi wa munthu woyenda mwachisawawa, ngakhale wachiwiriyo asaphe kanthu. Chimodzimodzi ndi parigraha, liwu limene ambiri amalimasulira kuti katundu kapena chuma. Bukuli likuti parigraha ndi murccha, liwu lotanthauza kukomoka. Vuto silili m'nkhokwe yodzaza, lili m'mutu umene wazunguzika ndi nkhokweyo. Ndidaona kuti Chichewa chili nalo kale ganizo limeneli tikamanena kuti uje chuma chamuledzeretsa. Malumbiro asanu, kusavulaza, kunena zoona, kusaba, kudziletsa pa za chiwerewere ndi kusakangamira chuma, ndi amodzimodzi kwa mmonke ndi kwa wapabanja, koma a mmonke amatchedwa mahavrata, aakulu, ndipo a wapabanja anuvrata, aang'ono. Pamenepa ndikuyamikira mlembi, chifukwa sadaike mlimi ndi wamalonda kunja kwa mpanda.

Pali liwu lina limene Tatia adaligwira mwanzeru, ndilo darshana. Tsinde lake ndi kuona. Omasulira ambiri akakumana ndi samyak darshana amalemba chikhulupiriro choona, ndipo wowerenga wokulira m'tchalitchi amaganiza msanga za kukhulupirira zinthu zosaoneka. Tatia adapewa zimenezi n'kusankha mawu otanthauza kaonedwe kowala ka dziko. Akusunga maso m'liwulo, ndipo ndikugwirizana naye, ngakhale kuti mawu akewo ndi ataliatali ndipo akumveka ngati a m'chipinda chophunzirira kuposa a m'nyumba yopemphereramo. Ife tikudziwa kulemera kwa zosankha zotere. Omasulira Buku Lopatulika la mu 1922 adasunga dzina lakuti Yehova, pamene a Buku Loyera la mu 1998 adaikapo Chauta, dzina limene makolo athu ankaitana popempha mvula. Onse awiri adali ndi zifukwa zomveka, ndipo onse awiri adataya kanthu kena. Wosunga liwu lachilendo amateteza tanthauzo koma amasiya wowerenga pakhomo, pamene wotenga liwu la kwawo amamulowetsa m'nyumba imene muli kale katundu wa eni.

Palibe liwu limene lazunzika m'manja mwa omasulira kuposa syat. Ajaini amaphunzitsa kuti chinthu chilichonse chili ndi mbali zambiri, chiphunzitso chotchedwa anekantavada. Umasvati adangochikhudza m'kamzere kamodzi ka m'mutu wa 5, pamene akusonyeza kuti zooneka ngati zotsutsana m'chinthu chimodzi zimatheka malinga ndi mbali imene woyankhula waiika patsogolo. Olemba a m'mbuyo mwake, monga Samantabhadra, Akalanka ndi Mallishena, amene adalemba Syadvadamanjari mu 1292, ndiwo adachikuza kukhala syadvada, njira yoika kaliwu kakuti syat patsogolo pa chiganizo chilichonse. M'galamala kaliwuka kangatanthauze mwina, ndipo ambiri adamasulira choncho, n'kuchititsa Ajaini kuoneka ngati anthu okayika pa chilichonse. Ngakhale Shankara, katswiri wotchuka wa Chihindu, adawatsutsa kuti akunena zinthu ziwiri zosemphana nthawi imodzi. Koma kwa eni ake syat ndi kunena kuti poyang'ana mbali iyi. Ine kwa mwana wanga ndine bambo, kwa mayi anga ndine mwana, kwa ana a mlongo wanga ndine malume, ndipo kwa akuchikazi ndine mkamwini. Palibe chokayikitsa pa chilichonse mwa zinayizi, ndipo wolakwa ndi yekhayo amene anganene kuti ndine mkamwini basi. Masiku ano ena amakonda kunena kuti anekantavada ikuphunzitsa kuti aliyense akulondola. John Cort, m'nkhani yake ya mu 2000, adasonyeza kuti akatswiri akale Achijaini ankaigwiritsa ntchito ngati chida chogonjetsera anzawo pamtsutso, powauza kuti iwo agwira mbali imodzi yokha. Kumasulira kokometsera nakonso ndi kunamiza wowerenga.

Sindikufuna kuti muganize kuti bukuli lilibe zofooka. Mitu ya 3 ndi 4 ndi mndandanda wautali wa maiko a pansi asanu ndi awiri a ozunzika, zilumba ndi nyanja zozungulirana, mapiri, ndi magulu a okhala kumwamba pamodzi ndi zaka zawo, ndipo wowerenga wa lero amadutsamo ngati wodutsa m'munda wa chisoso. Chizolowezi chogawa chilichonse m'magulu chimafika potopetsa, moti nthawi zina umaona ngati mlembi akuganiza kuti chinthu chikapatsidwa nambala ndiye kuti chamveka. Kufupika kwa timizere nakonso kuli ndi mbali ziwiri. M'mutu wa 9 muli kamzere kowerenga mavuto khumi ndi limodzi amene angagwere ngakhale munthu wodziwa zonse, ndipo pakati pake pali njala ndi ludzu. A Shvetambara savutika nako, chifukwa amakhulupirira kuti wotereyo amadyabe. A Digambara amakana zimenezi, choncho ofotokozera awo amati mavutowo angotchulidwa mophiphiritsa. Buku limene likugwirizanitsa magulu awiriwa likutero mwa zina chifukwa ndi lalifupi mokwanira kuti aliyense aikemo zake. Kwa Tatia dandaulo langa n'lakuti Chingerezi chake chosalala chimabisa kuuma kwa timizere ta Umasvati, ndipo wowerenga wothamanga angaiwale kuti mawu ambiri amene akuwerenga ndi a ofotokozera.

Komabe timizere toumati sitili m'kabati. Pa chikondwerero cha masiku khumi chotchedwa Das Lakshana, a Digambara amawerenga mutu umodzi tsiku lililonse. Mawu ake ali m'miyambo ya tsiku ndi tsiku. Samayika ndi kukhala chete kwa mphindi 48, mtima uli wofanana kwa mnzako ndi kwa mdani. Pratikramana tanthauzo lake lenileni ndi kubwerera m'mbuyo, kulondola mapazi ako kuti uone pamene udaponda molakwika. Ndidalemba kulapa, ndipo likuyandikira, kungoti wolapa kwathu amayang'ana kumwamba, pamene Mjaini pa tsiku lomaliza la Paryushana amapepesa kwa anzake ndi kwa zamoyo zonse, ngakhale nyerere.

Tsopano tibwerere ku khoti la ku Rajasthan. Ofotokozera akale amati liwu lakuti sallekhana limatanthauza kuondetsa moyenera, ndipo zoondetsedwazo ndi ziwiri: thupi ndi kashaya, ulimbo uja. Pujyapada adayankha kale funso la oweruza zaka zoposa chikwi chimodzi iwo asanabadwe, ponena kuti wodzipha amatero mokankhidwa ndi mkwiyo, chikondi chosokonekera kapena kusokera, pamene mwambowu umafuna kuti zonsezi zikhale zitatha. Bukuli likutchula zolakwa zisanu zimene zimauwononga: kulakalaka kukhalabe ndi moyo, kulakalaka kufa, kukangamira abwenzi, kukumbukira zokoma zakale, ndi kuyembekezera zokoma za mtsogolo. Taonani kuti kulakalaka kufa kuli pa mndandanda wa zolakwa. Womasulira amene walemba kudzipha wafafaniza kusiyana kumene eni ake adakulemba momveka, ndipo waweruza mlandu asanaumve.

Ngakhale zili choncho, mtima wanga sukhazikika. Kwathu wodwala akakana phala timamunyengerera, timasinthana supuni mpaka alawe, ndipo kumusiya osadya timakuona ngati nkhanza. Amene adakasuma ku Rajasthan adadandaula kuti okalamba, makamaka amayi, angathe kukankhidwa ndi achibale, mwambo n'kukhala chophimba. Dandaulo limeneli silingathe pongonena kuti liwulo ndi lopatulika. Liwu la Chisansikiriti likutiuza chimene mwambowo uyenera kukhala, koma silingatiuze zimene zidachitika m'chipinda cha gogo wakutiwakuti. Choncho m'kope langa ndidalisiya liwulo momwe lilili, n'kulemba pambali pake ziganizo zinayi zolifotokoza, kuti wowerenga aone yekha muyeso umene eni ake adaika, ndipo athe kufunsa ngati muyesowo udatsatidwa.

Anzanga olemba Chichewa, nthawi zambiri timadandaula kuti chiyankhulo chathu chilibe mawu a nzeru zakuya, ndipo potero timathawira ku Chingerezi monga Umasvati adathawira ku Chisansikiriti. Kope langa lidandionetsa kuti dandaulo limeneli n'loona pang'ono chabe. Pa mawu onena za zochitika, Chichewa chidakwana bwino lomwe. Pamene chidalephera ndi pa mawu amene tidawapereka kale ku guwa ndi ku kachisi wa makolo, monga mzimu, tchimo ndi chikhulupiriro, chifukwa amenewa ali ndi eni ake ndipo sabwerekedwa wamba. Pamenepo njira yabwino ndi imene Umasvati mwini adatsata: tchula liwu, nena poyera tanthauzo limene walipatsa, ndipo usalisinthe mpaka kumapeto kwa buku. Ambiri a ife timalemba nkhani yonse ya ufulu, chitukuko kapena umunthu osaimapo n'kamodzi komwe kuti tinene chimene tikutanthauza, kenaka n'kumadabwa kuti owerenga akukangana pa zimene sitidanene.

Liwu limodzi lokha ndilo lidalowa m'kope langa popanda kufufuta. Tirtha ndi malo osaya pamene anthu amawolokera mtsinje, ndipo tirthankara ndi amene amakonza malo oterowo. Ajaini amati aphunzitsi 24 aja sanyamula munthu pamsana ndipo sayankha mapemphero. Adangosonyeza powolokera, kuwoloka n'kwa mwini. Amene adakulira kumudzi kumene mtsinje umadzaza m'dzinja amamudziwa munthu wotereyu, amene amalowa m'madzi ndi ndodo m'mamawa kufufuza posaya, ana asukulu ali pagombe kudikira. Kumanja kwa tsambalo ndidalemba kuti wokonza dooko.